Mtsuko wobooka pabalaza la ku Kabulonga

Mitsuko yosasunga madzi yayamba kuchuluka m'nyumba za ku Kabulonga ndi ku Woodlands. Amisiri achinyamata a mu Lusaka akutenga maonekedwe a mbiya, mkhate ndi nkhali n'kuwasandutsa: khosi kulitalikitsa, mimba kuifinya mbali imodzi, pakamwa kupamata. Zoumbazi sizifika kukhitchini. Zimakhala pathebulo la pabalaza, ndipo mtengo wake umaposa kutali wa mphika umene mayi amagulitsa m'mbali mwa msewu wa Great East.

Umodzi mwa mitsukoyi, womwe unaonetsedwa m'chipinda china cha zaluso, ndi wofika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Mwini wake anauumba ndi manja okha, kusanjikiza dongo pang'onopang'ono monga amachitira agogo. Kunsi n'kofiira, konyezimira chifukwa chokulungiza ndi mwala wa kumtsinje. Pamapewa pazungulira timadontho todinda ndi chipeso, ndipo mbali ina utsi unasiya zigamba zakuda zomwe sanafune kuzibisa. Khosi lapendekeka ngati la mayi amene wangotula katundu. Koma chimene anthu amaimira nthawi yaitali ndi chapansi pa mimba, pomwe woumbayo anaboola dala chibowo choti chibakera n'kulowa.

Mkangano wagona pachibowocho. Amene anakulira kumidzi ya ku Chipata, Katete kapena Petauke amadziwa kumene chiwiya choboola dala chimapezeka: pamtumbira. Mbale kapena mphika wa malemu ankauboola asanausiye kumanda, kusonyeza kuti ntchito yake pakati pa amoyo yatha. Ndiye akuluakulu ena akaona mtsuko wotere pafupi ndi wailesi yakanema thupi limawachita tsembwe. Kwa iwo uku n'kulowetsa manda m'nyumba, ndiponso kuseweretsa luso lomwe amayi analisunga mibadwomibadwo.

Dandauloli si lachibwana, koma likuiwala kuti mbiya sinakhalepo ndi maonekedwe amodzi. Ku Kapwirimbwe, kum'mawa kwa Lusaka yemweyu, ofukula zakale anapeza mapale a m'zaka za m'ma 400, okongoletsedwa mosiyana ndi miphika ya masiku ano. Kuumba kumene akatswiri amakutcha kwa Luangwa, kodinda ndi chipeso, komwe Achewa ndi Ansenga anatengera, kunafala patapita zaka mazana angapo, cha m'ma 1000. Zimene lero tikuti n'zamakolo zinayamba zakhalapo zachilendo. Kusintha kwakukulu kunadza ndi chidebe cha pulasitiki, chigubu ndi poto wa aluminiyamu. Banja la ku Chelstone limasunga madzi m'dramu kapena m'thanki, ndipo palibe angalidzudzule. Tikaumirira kuti mtsuko ndi mtsuko pokhapokha ukamasunga madzi, ndiye kuti m'tauni muno taulamula kuti ufe. Woumba amene waulanda ntchito yotunga madzi waupatsa ina, yoti uziyankhula, ndipo tsembwe la akuluakulu lija ndi umboni wakuti ukumveka.

Apa pafunika kusiyanitsa. Mmisiri woboola mtsuko chifukwa anaona zotere pa intaneti, osadziwa za kumanda, akungonyengerera maso a wogula, ndipo omudzudzula akhoza. Koma wodziwa tanthauzo lake, amene akunena za chiwiya chopumitsidwa ntchito mumzinda momwe mipopi imauma kawirikawiri, akugwiritsa mwambo monga momwe eni ake ankachitira, kunena chinthu cholemera popanda mawu. Kumuletsa ndiko kusandutsa mwambo chinthu chongoonera patali.

Ena amati achinyamatawa akudyera thukuta la amayi a kumidzi, omwe mayina awo salembedwa pa khoma la chionetsero. Apa pali chilungamo, ndipo paja amati woumba mbiya adyera m'phale. Komabe mankhwala ake si kuletsa kuumba kwatsopano. Amene anaphunzira kukulungiza ndi kudinda kwa mayi wina atchule mayiyo ndi mudzi wake, ndipo akagula dongo kwa iye alipire mtengo woyenera.

Oumbawa alinso ndi zovuta za msika ndi za moto. Ku Kabwata, komwe zaluso zimagulitsidwa, m'nyumba zozungulira zofolera udzu za mumsewu wa Burma zomwe atsamunda anamangira antchito akuda, ziboliboli zamtengo, madengu ndi nsalu n'zimene zimadzaza, chifukwa mlendo wokwera ndege amaopa chinthu chosweka. Nako kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, kunavutitsa aliyense wodalira uvuni wa magetsi, poti dongo silipsa ndi moto wodukiza. Kuwotcha ndi nkhuni, makungwa ndi utuchi sikudikira magetsi, kungoti kumafuna bwalo lalikulu ndi anansi osadandaula utsi, zomwe ku Woodlands sizipezeka nthawi zonse.