Kalonga pa mapu a ku Stockholm

Gemu ya pakompyuta yotchedwa Europa Universalis IV, imene kampani ya Paradox ya ku Stockholm inatulutsa mu 2013, imayambira pa 11 Novembala 1444 n'kukathera mu 1821. Wosewera amasankha dziko lililonse limene lili pa mapu, nakhala mfumu yake kwa zaka pafupifupi 400: amatolera msonkho, amapanga ubale ndi mafumu ena, amatumiza asilikali. Kuyambira mu 2016 pa mapuwo pali Maravi, pali Lundu, palinso Atumbuka. Ndiye kuti mnyamata wa ku Warsaw kapena ku Seoul, amene sanamvepo za Mankhamba, likulu la Kalonga, atha kukhala pampando wa Kalonga usiku umodzi, n'kupirikitsa Apwitikizi ku Sena ndi ku Tete, n'kulanda Kilwa, n'kukhoma zombo mpaka kukakocheza ku Lisbon. Zonsezi sizinachitike, ndipo kusachitikako ndiye malonda ake. Anzathu akunja amagula mwayi wofunsa kuti "zikanakhala bwanji?" Funsoli ndi labwino ndipo ife tasowa nalo pocheza kwa nthawi yaitali. Koma magemuwa amangolola kusintha amene wapambana. Tanthauzo la kupambanako salikhudza, ndipo pamenepo ndi pamene mbiri ya kwathu ili ndi chonena chimene iwo sanachimve.

Chizolowezi chopotoza mbiri mwadala chinazika mizu m'magemu otere. Civilization, imene inayamba mu 1991, imaika Shaka ndi Gandhi m'nyengo imodzi ngati anthu a m'mudzi umodzi. Mu 2012 Paradox inawonjezera ku Crusader Kings II nkhani ya Aaziteki a ku Mexico akuwoloka nyanja kudzathira nkhondo Ulaya, kutembenuza dala zimene Asipanya anachita. Hearts of Iron IV ya mu 2016 imayambira mu 1936, ndipo imafunsa wosewera ngati akufuna kuti maiko atsate njira imene anatsatadi kapena apatuke. Osewera okha anapanganso Kaiserreich, mmene Germany inapambana nkhondo yoyamba ya dziko lonse n'kudzitengera chigawo chachikulu cha pakati pa Africa. Mtima wosewera chonchi umachokera poti mbiri yawo inalembedwa kale, ili m'mabuku ndi m'nyumba zosungira zakale, ndipo palibe gemu imene ingaifufute. Komabe asatinamize kuti kunjako zonse n'zololedwa. Boma la China linaletsa Hearts of Iron yoyamba mu 2004 chifukwa inasonyeza Tibet ndi Manchuria ngati maiko oima paokha. Ku Germany chizindikiro cha chipani cha Hitler sichinkaloledwa m'magemu mpaka mu 2018. Paliponse pamene chilonda sichinapole, anthu salola kuti chiseweretsedwe.

Kwathu kuno mbiri ndi nthano tinazisiyanitsa kalekale, ndipo tinaika chizindikiro pakhomo. Agogo akati "padangokhala," ana n'kuvomera kuti "tili tonse," aliyense amadziwa kuti tsopano kalulu atha kulankhula ndipo njovu itha kupusitsidwa. Koma mbiri ya mtundu siyamba choncho, chifukwa mbiri ndi umboni. Pa mlandu wa ufumu kapena wa malire a munda, akuluakulu amatchula maina a makolo mmodzimmodzi, kuti uje anabadwa kwa uje, uje ndiye anayamba kugwetsa mitengo kutsidya kwa dambo, ndipo chigamulo chimatsamira pa mawu amenewo. Munthu woimirira pabwalo lotero n'kunena kuti "tiyerekeze kuti agogo anu sanafike kuno" akutola nkhondo. Mlandu suola, ndipo mbiri yosalembedwa ikapotozedwa kawiri katatu pamaso pa ana imasanduka yoona. Chinanso n'chakuti m'chinenero chathu mawu akuti "ndikanadziwa" ndi a munthu wolira. Timamutonthoza pomuuza kuti madzi akatayika saoleka, kutanthauza kuti aleke kubwereza m'mutu zimene sizingabwerere. Mwambiwu ndi wanzeru pamaliro. M'kalasi ya mbiri umatipundula, chifukwa umatiphunzitsa kuona zonse zimene zinachitika ngati zinayenera kuchitika.

Sikuti mbiri yathu ndi imodzi yosagwedezeka ayi. A Phiri ndi a Banda safotokoza chimodzimodzi za amene anayamba kufika ndi amene anapeza mnzake. Nkhani ya imfa ya Mbona, amene kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje, imasiyana malinga ndi amene akusimba, ndipo wopalamula amasintha dzina. Samuel Nthara polemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940 anachita kusankha pakati pa mawu a akuluakulu osiyanasiyana. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timakangana pa zimene zinachitika, aliyense akulumbira kuti zake ndizo zoona, pomwe wopanga gemu amavomereza zimene zinachitika kenako n'kuseweretsa zimene zikanachitika. Malo amodzi amene ife timaseweretsa mbiri poyera ndi pabwalo la gule wamkulu. Simoni wofiira nkhope ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, ndiponso Maliya, anatuluka kudambwe pa nthawi imene amishoni ndi atsamunda ankaoneka ngati sangagwedezeke. Gule sananene kuti azungu anagonja. Anangosintha woseka ndi wosekedwa, ndipo kwa masana amodzi wolamula ankavina m'fumbi pamaso pa amayi oimba.

Tsono ubwino wa "zikanakhala" wa m'magemu ndi uti? Ndi wakuti amakumbutsa munthu kuti anthu akale sankadziwa mathero a nkhani yawo. Mu 1608 Muzura, mfumu yamphamvu ya Amaravi, anatumiza ankhondo 4,000 kukathandiza Apwitikizi amene ankateteza Gatsi Rusere, mfumu ya Mutapa. Mu 1622 Apwitikiziwo anamubwezera pomuthandiza kugonjetsa Lundu. Chaka chotsatira, Gatsi Rusere atamwalira, Muzura anatembenuka n'kuthira nkhondo kutsidya kwa Zambezi, koma anabwezedwa. Apa palibe munthu wakuda wodikira kulamulidwa. Pali mfumu imene ikuwerenga mphamvu za anzake ngati katswiri wa bawo, ndipo Apwitikizi ndi amodzi chabe mwa osewera. Taganizaninso za Januwale 1890, pamene Britain inaopseza Portugal kuti ichotse asilikali ake ku chigwa cha Shire, Serpa Pinto atamenyana ndi Amakololo chaka cham'mbuyo mwake. Lisbon ikanakana kugonja, kapena London ikanaona kuti nkhaniyo ndi yosapindulitsa, mwina lero ana a ku Blantyre akanamaphunzira m'Chipwitikizi. Malire amene anagawa Achewa m'maiko atatu anatuluka m'mikangano yotere, ndipo mwana amene wasewerapo ndi mapu osinthasintha amamvetsa msanga kuti mizere imeneyi inalembedwa ndi anthu. Phunziro limeneli ndi lalikulu, ndipo silabasi yongoloweza zaka silipereka.

Vuto limayamba munthu akafunsa kuti Kalonga wa mu gemuyo apambana bwanji. M'zaka zoyamba za Europa Universalis IV, dziko la kunja kwa Ulaya lofuna kupita patsogolo linkayenera kudutsa njira imene gemuyo inkaitcha poyera kuti kusanduka ngati azungu. Mu 2016 anaichotsa n'kuikapo dongosolo lina, mmene nzeru zatsopano zimabadwira pamalo amodzi n'kumafalikira. Koma zoyambazo zimabadwira kuti? Kutsitsimuka kwa maphunziro kumayambira ku Italy, makina osindikizira mabuku ku maiko a Chijeremani, ndipo utsamunda weniweniwo umawerengedwa ngati sitepe ya chitukuko imene aliyense ayenera kuilandira. Wotsalira amalipira mtengo wokwera pa luso lililonse. Choncho Maravi wa wosewera waluso amakhala ndi asilikali olipidwa, zombo, madoko ndi maiko olanda kutsidya kwa nyanja. Wasanduka Portugal wa khungu lakuda. Chipembedzo cha makolo anachiika m'thumba limodzi ndi cha Ayoruba ndi cha Amasai pansi pa dzina limodzi lachizungu. Dzina la Mlira, mwambo wa pachaka wa mzimu wa Kalonga woyamba ku Mankhamba, lilimo ndithu, ndipo amene analifufuza tiwayamike, koma ntchito yake ndi kuwonjezera kanambala kakang'ono pa mphamvu za dziko. Victoria 3 ya mu 2022 inafika poipa: imayambira mu 1836, masabata ochepa Angoni a Zwangendaba atawoloka Zambezi dzuwa litadetsedwa mu Novembala 1835, koma mitundu yambiri ya mu Africa inaikidwa m'gulu la maiko opanda boma lapakati, amene wosewera sangawasankhe. Ali pa mapu kuti ena adzawalande.

Mphamvu ya Amaravi sinkayenda choncho. Kalonga anali wa a Phiri, koma mvula inali m'manja mwa Makewana wa ku Msinja, wa mbali ya a Banda, ndipo mfumu yopanda mvula inalibe chonena kwa anthu ake. Ufumu unkadzera kwa amayi: wolowa m'malo ankachokera m'mimba ya Nyangu, ndipo mpaka lero mbumba ikakana munthu, ufumu saulowa ngakhale akhale ndi chuma chotani. Chuma cha mfumu chinali anthu, chifukwa malo analipo ambiri ndipo wokwiya ankangosamuka. Mbiri imati Undi anachoka kwa Kalonga atakangana za ufumu, natenga amayi a banja lachifumu kupita nawo ku Mano, m'dera limene lero lili ku Mozambique. Mu gemu zimenezi zikanalembedwa ngati kugalukira, mapu akanachepa, ndipo wosewera akanatumiza asilikali. Koma kupatukana kotereku ndi kumene kunafalitsa chinenero, miyambo ndi mafuko kuchokera ku nyanja mpaka ku Luangwa. Ufumu wa Kalonga unatha pa mapu m'zaka za m'ma 1860, Ayao ndi Angoni atausweratu. Komabe chaka chilichonse mu Ogasiti mafumu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, mwambo umene atsamunda analetsa mu 1934 n'kudzaukanso mu 1984. Mwa malamulo a gemu anthu amenewa anagonja kalekale. Nanga akusonkhaniranji?

Wina anena kuti ndikukometsera makolo, ngati kuti Amaravi sankadziwa mkondo. Ankaudziwa. Muzura anali wankhondo, ankhondo a Lundu anasakaza midzi mpaka kufupi ndi nyanja ya mchere, minyanga ya njovu inkagulitsidwa, ndipo pambuyo pake anthunso ankagulitsidwa, mafumu ena akudyapo. Gemu yobisa zimenezi ingakhale yabodza kuposa zimene zilipozi. Mfundo yanga ndi yakuti nkhondo inali njira imodzi mwa zingapo, ndipo gemu imene imadziwa kuwerenga mfuti koma osadziwa kuwerenga mvula, ukwati ndi chilolezo cha mbumba yasiya theka la ndale za nthawi imeneyo. Wina anenanso kuti ndi masewera chabe, tisawasenzetse katundu wa sukulu. Koma munthu amene wakhala maola mazanamazana akuphunzira kuti dziko losakula limamezedwa amatuluka ndi maganizo ena ake, ngakhale asakumbuke chaka chilichonse. Si ife tokha tikuona zimenezi. Mu 2018, Civilization VI itaika Poundmaker, mtsogoleri wa Acree a ku Canada, mkulu wina wa mtundu wake anadandaula kuti sanafunsidwe, ndiponso kuti gemuyo ikupereka chithunzi chakuti anthu ake ankalakalaka kulanda malo ngati atsamunda. Zaka zisanu m'mbuyo mwake akuluakulu a Apueblo a ku America anakana kuti mtsogoleri wawo Popé aikidwe mu Civilization V, ndipo kampani ya Firaxis inawamvera.

Kutsutsa kolimba kuposa konse n'kwakuti nkhaniyi ndi ya anthu ochepa. Kompyuta yotha kunyamula magemuwa ndi yodula, magetsi ndi osadalirika, ndipo mnyamata wa ku Mtakataka, amene amapita kumunda kudutsa pafupi ndi pamene panali likulu la Kalonga, mwina sadzaiona n'komwe Maravi ya pa mapu a ku Stockholm. N'zoona. Koma zimenezi zikutanthauza kuti anthu ambiri a kunja amene akudziwa dzina la Maravi lero analidziwira mu gemu, ife eni ake tisanaikepo mawu. Magemu a Paradox amalola aliyense kusintha malamulo ake ndi kugawira anzake, monga anachitira a Kaiserreich, amene sanadikire chilolezo cha akatswiri a mbiri. Achinyamata ophunzira za makompyuta ku Zomba, ku Blantyre ndi ku Thyolo angathe kuchita chimodzimodzi: gemu imene chilala chimagwetsa mfumu, imene mbumba imasankha wolowa ufumu, imene kulola m'bale wako kukayamba mudzi wake kumakuwonjezera mphamvu. Pakhomo pake alembepo "padangokhala," kuti wina asadzaitengere ku bwalo la milandu. Ndipo asanayambe kulemba malamulo akewo, apite kaye ku Msinja ndi ku Mkaika akafunse eni ake zimene zili zololedwa kuseweretsa.