Denga la Mitambo

Mtambo wa mvula ya mabingu uli ndi polekezera. Mudzauyang'ane masana a mu Disembala: umatukumuka n'kumakwera, woyera pamwamba, wakuda bii kunsi, kenaka nsonga yake imaphwatalala n'kuyamba kufalikira m'mbali ngati wagunda denga.

Dengalo lilipodi. Mpweya wozungulira dziko uli m'zigawo zosanjikizana, ndipo ife tili m'chigawo chapansi, troposphere. Kufupi ndi equator chigawochi chimafika makilomita 16 kapena kuposerapo pang'ono, koma ku North Pole ndi South Pole chimathera cha pa makilomita 8. M'menemu mukamakwera kumanka kuzizira, madigiri pafupifupi 6.5 pa kilomita iliyonse. N'chifukwa chake munthu ali pa Sapitwa, mamita 3,002 m'mwamba, amafunafuna juzi pamene wa ku Nsanje thukuta lili kamukamu.

Kuzizirako ndiye mlonda wa madzi athu. Mpweya wofunda umanyamula nthunzi yambiri. Ukakwera n'kuzizidwa, nthunziyo imasanduka timadontho, timadontho n'kukhala mtambo, mtambo n'kugwetsa mvula kapena matalala. Pofika kudenga kuja mpweyawo umakhala utauma gwa. Pamwamba pake, mu stratosphere, zinthu zimatembenuka: mpweya wa ozoni umamwa cheza choopsa cha dzuwa, ndiye mukamakwera kumayamba kufunda, mpaka pa makilomita 50. Mpweya wochokera pansi ukakumana ndi wofunda kuuposa sungapitirire. Kuphwatalala kuja n'komweko. Kumtunda kulinso mesosphere, kumene timiyala tochokera kutali timapsera n'kumaoneka ngati nyenyezi yothothoka, ndiponso thermosphere, koma mvula sichokera kumeneko.

Nanga madzi a m'mwambawo ndi ochuluka bwanji? Ndi ochepa zodabwitsa. Pa malita 100 alionse a madzi a padziko, pafupifupi 97 ndi amchere a m'nyanja zikuluzikulu. Ambiri mwa otsalawo ndi oundana, makamaka ku Antarctica ndi Greenland. Otsatira ndi a pansi pa nthaka, amene timapopa pa mjigo. Mitsinje ndi nyanja zopanda mchere zili ndi kagawo kochepa zedi, ndipo a mumlengalenga ndi ochepa kuposa a m'nyanja zimenezi. A mumlengalengawo onse atagwa tsiku limodzi mofanana paliponse, angakute dziko ndi madzi akuya mamilimita 25 okha, osafika n'komwe mu akakolo.

Komatu pa chaka dziko lonse limalandira mvula yokwana mamilimita pafupifupi 1,000. Zimatheka chifukwa madziwo sachedwa m'mwamba. Nthunzi imakhalako masiku 9 kapena kuyandikira pamenepo, n'kugwa, ina n'kukwera, moti mlengalenga umadzazidwanso pafupifupi ka 40 pa chaka. Kukwerako sitikuona ndi maso, ndiye timakupeputsa. Amene waima pa Liwonde n'kuona Shire akusefukira angaganize kuti mtsinjewu ndiwo khomo lalikulu la madzi a Nyanja ya Malawi. Ayi ndithu: amene dzuwa ndi mphepo zimachotsa pa nyanjayi ngati nthunzi amaposa a mu Shire kangapo konse.