Nkhalango ya Chikangawa ndi ya ku Nyika: kodi n'zofanana?

Mukamachoka mu Mzuzu kulowera kumwera pa msewu wa M1, mumadutsa mitengo ya paini ya ku Chikangawa. Mukalowera kumpoto, kudzera ku Rumphi ndi pa geti la Thazima, mumafika ku Nyika, paki yoyamba m'Malawi muno, yomwe inakhazikitsidwa mu 1965. Konseku kuli mitengo, komatu kwa asayansi nkhalango ziwirizi n'zosiyana kwambiri. Tiyeni tione chifukwa chake.

Chikangawa kwenikweni ndi munda. Anthu anadzala m'mizere mitengo ya paini, yambiri mwa iyo ya mtundu wochokera ku Mexico. M'chigawo chimodzi mitengo yonse ndi ya msinkhu wofanana. Masamba ake aja okhala ngati singano amachedwa kuwola, ndiye pansi pamamera zinthu zochepa.

Ku Nyika, malo ambiri ndi a udzu. Nkhalango zakalekale, monga Zovochipolo, zili m'timagulu m'zigwa ndi m'mphepete mwa mitsinje. Palibe anazidzala. Mukalowamo muona mitengo italiitali pamwamba, ina yaifupi pansi pake, kenako zitsamba, ziyangoyango ndi ndere. Mtengo wokalamba umakhala ndi mphako momwe mbalame zimaswera. Ukagwa, bowa ndi tizilombo timauwoletsa, chakudya chimabwerera m'nthaka, ndipo pa mpata womwe wasiya dzuwa limafika pa timitengo tatsopano. Choncho chipika chowola si zinyalala ayi, chikugwira ntchito.

Nanga bwanji nkhalangozi zili m'zigwa? Chifukwa chachikulu ndi moto. M'chilimwe udzu umapsa msanga, koma m'zigwa mwachinyontho moto umafooka. Moto uliwonse waukulu umadya m'mphepete mwa nkhalango. Paini mutha kum'dzala n'kum'kolola patapita zaka makumi awiri kapena atatu, koma nkhalango yakale ikapsa, zidzukulu zanu sizidzaiona itabwerera mwakale.

Nkhaniyi ikukhudzanso mpopi wa kunyumba kwanu. Madzi a mu Mzuzu amachokera ku damu la Lunyangwa, ndipo mtsinjewo umadalira nkhalango ya Kaning'ina, chakum'mawa kwa mzindawu. Masamba owola amamwa mvula ngati siponji n'kumaitulutsa pang'onopang'ono. Mitengo ikatha, madzi amangothamanga pamwamba, n'kukokolola dothi kukadzaza damu.

Kalabu ya zachilengedwe ya pasukulu panu ikakonza ulendo wa ku Nyika, tengani majuzi, chifukwa malo ambiri ndi okwera kupitirira mamita 2,000 ndipo mu June ndi July kumazizira koopsa. Yendani ndi mlonda wa paki, dzukani m'mamawa, ndipo musasokose. Pa udzu muona mbidzi, ntchefu ndi chilembwe, pomwe m'nkhalango mungaone anchima ndi mbawala. Mbalame zilipo mitundu yopitirira 400. Musazule chilichonse: maluwa a orchid, omwe ku Nyika alipo mitundu pafupifupi 200, akuchepa chifukwa anthu amakumba mizu yake kukapangira chinaka.

Ku Chelinda, pakati pa paki, kulinso paini wodzala. Yesani izi: yendani mapazi 20 m'paini, kenako 20 m'nkhalango yakale, mukuwerenga mitundu ya masamba yomwe mwaona. Lembani manambala awiriwo m'kope, mukawakambirane ndi aphunzitsi anu a Biology.