Kusankha zitsulo zopangira ngolo yokoka ndi galimoto

Kupanga ngolo yokoka ndi galimoto kumayamba ndi kudziwa katundu amene idzanyamule, chifukwa kulemera kwa katunduyo n'kumene kumalamula mtundu wa chitsulo, ekiselo ndi matayala. Matumba 10 a chimanga ndi makilogalamu 500. Mchenga ndiye wina. Bokosi la ngolo lotalika mamita 2, mulifupi mamita 1.2, lakuya masentimita 40, likadzaza mchenga limalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka, ndipo mchengawo ukanyowa umaposa pamenepo. Pamwamba pa katunduyo pamawonjezekera kulemera kwa ngolo yeniyeniyo, komwe nthawi zambiri kumadutsa makilogalamu 200.

Chimango cha pansi, chimene amisiri amachitcha chasisi, chimapangidwa ndi chitsulo wamba chosavuta kuwotcherera. M'mahadiweya chimagulitsidwa m'mitanda yotalika pafupifupi mamita 6, ndipo mitundu yodziwika ndi itatu. Angle iron ndi yotchipa, koma imapindika msanga, choncho imayenera m'mbali mwa bokosi ndi pa timitanda tochirikiza pansi. Channel ndi yolimba, ndipo popeza mbali imodzi ndi yotseguka, madzi sakhalamo komanso penti amafika paliponse. Chubu cha makona anayi chimaposa zonsezi pokana kupotoka, koma chili ndi chilema chobisika: madzi akalowamo, dzimbiri limadya kuchokera m'kati pomwe kunja kukuoneka bwinobwino. Amisiri odziwa ntchito amatseka kumapeto kwa chubu, kapena kuboola timabowo pansi kuti madzi azituluka.

Pamene ambiri amapusitsika ndi pa kuchindikala kwa chitsulo. Chubu chopangira mageti ndi mafelemu a mawindo, cha mamilimita 1.2 kapena 1.6, chikapakidwa penti chimaoneka chimodzimodzi ndi chubu cha mamilimita 3, koma pa msewu wa mabampu chimang'ambika pafupi ndi pomwe anawotcherera. Ngolo yaing'ono imafuna chasisi cha chubu ngati cha mamilimita 76 kwa 38, chochindikala mamilimita 3, ndipo yokulirapo imafuna cha 100 kwa 50. Chubucho chimaikidwa choimika, mbali yotalika ikhale m'mwamba. Thabwa nalonso limatero: likagona chafulati limawerama msanga, likaimikidwa cham'mbali limapirira. Zitsulo zozungulira zoika m'simenti pomanga nyumba zilibe malo pa chasisi.

Pansi pa bokosi anthu amakonda kuika chitsulo chochindikala poganiza kuti ndiye kulimba. Shiti ya mamita 2.4 kwa 1.2 yochindikala mamilimita 3 imalemera pafupifupi makilogalamu 70, pomwe ya mamilimita 2 sifika 50. Shiti yopyapyalayo imakwanira ngati timitanda ta pansi tayandikana, ndipo ndalama yotsalayo ingathandize pa chitsulo chokokera.

Chitsulo chokokera, chomwe chimalumikiza ngolo ku galimoto, ndi chimene chimavutika kwambiri. Galimoto ikagunda bampu chimawerama n'kubwerera, ndipo zimenezi zimachitika kosawerengeka pa ulendo umodzi. Chabwino ndi cha mikono iwiri yokumana kutsogolo ngati chilembo cha A, yodutsa pansi pa chasisi mpaka pafupi ndi pomwe pamangidwa masipuling'i. Chomwe changomatidwa pa mtanda wa kutsogolo n'chosadalirika. Pamene mkono ukudutsana ndi mtanda wa kutsogolowo, wowotcherera wosamala amawotcherera m'mbali motsata kutalika kwa mkono, osati mopingasa pamwamba pake, chifukwa mzere wopingasa ndi umene umayambitsa mng'alu. Kutsogolo kumamangidwa chogwirira mpira wachitsulo umene umakhala kumbuyo kwa galimoto. Mpira wofala ndi wa mamilimita 50, koma ku America kuli wa mainchesi 2, omwe ndi mamilimita 50.8. Ndi maso kusiyanako sikuoneka, komabe mpira ndi chogwirira ziyenera kukhala za saizi imodzi. Mabawuti omangira chogwirira akhale olembedwa 8.8 pamutu, ndipo pakhalenso tcheni chogwira ngolo ngati chogwiriracho chamasuka.

Ekiselo simaikidwa pakati penipeni. Amisiri ambiri amasiya magawo 60 pa 100 a bokosi kutsogolo kwake ndi 40 kumbuyo, kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera konse litsamire pa mpira. Ngolo yolemera kumbuyo imayamba kugwedezeka uku ndi uku liwiro likakwera, mpaka kutha kuchotsa galimoto pamsewu. Ekiselo yochokera ku galimoto yakufa imagwira ntchito ngati ili yowongoka ndipo mabering'i ake amapezeka m'masitolo. Masipuling'i osweka sawotchereredwa, chifukwa moto umachotsa mphamvu ya chitsulo chake. Ndi nzerunso kusankha malimu ofanana mabowo ndi a galimoto yokoka, kuti tayala lapadera likhale limodzi.

Tayala limanena lokha mphamvu yake. Nambala yolembedwa pambuyo pa saizi imasonyeza katundu amene tayala limodzi lingasenze: 82 ndi makilogalamu 475, 91 ndi 615, ndipo 100 ndi 800. Manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi DOT amasonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, moti 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Matayala a ngolo kawirikawiri amatha ndi ukalamba ndi dzuwa mapanga ake asanathe, n'chifukwa chake tayala la kaunjika liyenera kuwerengedwa zaka lisanagulidwe.

Ku South Africa ndi ku Britain, ngolo imene kulemera kwake pamodzi ndi katundu kumaposa makilogalamu 750 imayenera kukhala ndi mabuleki akeake, ndipo malire amenewa amatsika ngati galimoto yokoka ndi yaing'ono. Ku Malawi, womanga ngolo ayambe wafunsa ku Road Traffic za kalembera, nyali, maindiketa ndi zonyezimira asanadule chitsulo chilichonse, chifukwa kusintha chasisi chomalizidwa kale kumadya ndalama zambiri. Ikatha kuwotchereredwa, ngolo imapalidwa dzimbiri n'kupakidwa red oxide, kenako penti wa pamwamba. Katundu woyenera kulembedwa pa ngoloyo amatengera chipangizo chofooka kwambiri: ekiselo ya makilogalamu 1,500 yokhala ndi matayala awiri a nambala 82 imasenza makilogalamu 950 okha, kuphatikizapo kulemera kwa ngolo yeniyeniyo.