Musanajambule chithunzi chomwe mwachipeza pa foni, funsani mwini wake

Achinyamata ojambula pamanja achuluka pa Facebook masiku ano. Munthu amatenga chithunzi cha woimba wotchuka pa intaneti, n'kuchijambulanso ndi pensulo mpaka tsitsi lililonse kuoneka, kenako n'kuyika mtengo. Luso lilipo ndithu, sitikukana. Koma chithunzi choyambacho anachitola ndi munthu wina ndi kamera yake, ndipo malamulo amati iyeyo ndiye mwini.

Nkhani yotereyi inafika mpaka kukhothi lalikulu la Supreme ku America. Mu 1981, mayi wina wojambula ndi kamera, Lynn Goldsmith, anajambula woimba uja Prince. Patatha zaka zitatu, magazini ya Vanity Fair inamulipira madola 400 kuti wojambula pamanja aonerepo chithunzicho, koma kamodzi kokha basi. Ntchitoyo anaipatsa Andy Warhol, katswiri yemwe zojambula zake zimagulidwa ndi ndalama zankhaninkhani. Warhol sanalekere pa chimodzi. Anapanga zithunzi 16, Goldsmith osadziwa kanthu.

Warhol anamwalira mu 1987. Zinadzaululika mu 2016 Prince atamwalira, pamene kampani ya Condé Nast inayika chimodzi mwa zithunzizo pachikuto cha magazini yokumbukira woimbayu. Bungwe loyang'anira chuma cha Warhol linalandira madola pafupifupi 10,000. Goldsmith sanalandire olo kakobiri, dzina lake osatchulidwa n'komwe.

Atadandaula, bungwelo ndi lomwe linathamangira kukhothi. Mfundo yawo inali yoti Warhol anasintha mitundu ndi tanthauzo la chithunzicho, choncho chinasanduka chinthu chatsopano. Pa 18 May 2023, oweruza asanu ndi awiri mwa asanu ndi anayi anakana mfundoyi. Iwo anati zithunzi zonse ziwiri zimagulitsidwa pamsika umodzi, kwa magazini ofuna nkhope ya Prince, ndiye cha Warhol chinalanda malonda a mayiyo. Sanagamule kuti kuonera ntchito ya mnzako n'kulakwa nthawi zonse ayi. Chomwe chinawapweteka a bungwewo n'kugulitsako.

Chigamulo cha ku America sichimanga makhothi athu. Komabe kuno ku Malawi tili ndi lamulo lathu la Copyright Act la 2016, lomwe limateteza zithunzi za kamera, zojambula pamanja komanso zosema. Umwini umayamba pomwe ntchito yapangidwa, ndipo kuikopera kapena kuisintha n'cholinga chogulitsa kumafuna chilolezo. Mawu aja timakonda kulemba pansi pa chithunzi akuti "credit to the owner" si chilolezo, abale. Ndi kungovomera chabe kuti mukudziwa kuti si chanu.

Lamulo lomweli likutetezanso inu. Wogula chojambula chanu wagula pepala kapena nsaluyo kuti akapachike pabalaza. Sanagule ufulu wochisindikiza pa matisheti kapena pa kalendala ya kampani yake, pokhapokha mutagwirizana choncho, ndipo ndi bwino mgwirizanowo ulembedwe.

Mukakopeka ndi chithunzi, fufuzani dzina la anachijambula, mumulembere, munene zomwe mukufuna kupanga komanso ngati mugulitsa. Akavomera, sungani uthengawo, ngakhale utakhala wa pa WhatsApp. Akatchula mtengo, muuphatikize pa mtengo womwe mulipiritse kasitomala. Zikavuta kumvana, bungwe la COSOMA ku Lilongwe ndi lomwe limaona za umwini wa ntchito zaluso m'dziko muno.