Paketi ya Thanzi ndi munthu amene anatulukira chinsinsi cha m'matumbo

Patangopita milungu yochepa namondwe wa Freddy atadutsa kuno ku Mulanje mu 2023, mtsikana wina wa Fomu 3 anandiimitsa nditatuluka m'kalasi. Mng'ono wake anali atatsegula m'mimba usiku wonse, ndipo kuchipatala anawapatsa Thanzi ORS. Anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, m'menemu muli mchere ndi shuga basi. Ndiye ndi mankhwala amenewo?" Funsoli silinali lamasewera, chifukwa kolera amene anabuka mu 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Yankho lake lili mu fizikisi yomwe timaphunzira ija.

Tiyambire pa batire. Selo iliyonse m'thupi mwanu ili ngati kabatire. Mchere ukasungunuka m'madzi umagawanika n'kukhala tizidutswa tokhala ndi chaji totchedwa ma ion, ndipo ka sodiamu kamakhala ndi chaji ya pozitivi. Kunja kwa selo sodiamu ndi wochuluka, mkati ndi wochepa. Mu selo ya mtsempha wotumiza mauthenga ku ubongo, voteji yapakati pa mkati ndi kunja imakhala pafupifupi mamilivoti 70, mkati ndimo muli negativi. Nanga amatchaja batireyi ndani? Mu 1957, Jens Christian Skou wa ku yunivesite ya Aarhus ku Denmark, pofufuza mitsempha ya nkhanu, anapeza puloteni yomwe lero timaitcha pampu ya sodiamu ndi potaziyamu. Ili ngati mjigo wosapuma: imatulutsa ma ion atatu a sodiamu n'kulowetsa awiri a potaziyamu, ulendo uliwonse. Skou analandira mphoto ya Nobel mu 1997.

Koma amene ndikufuna mumudziwe lero ndi Robert K. Crane wa ku America, yemwe anabadwa mu 1919. Mu 1950 anayamba ntchito pa Washington University mumzinda wa St. Louis, ndipo anakhala zaka akulimbana ndi funso limodzi: matumbo amakoka bwanji shuga wa glukosi m'chakudya, ngakhale pamene m'maselo ake shugayo wachuluka kale kuposa kunja? Mukukumbukira kuti zinthu pazokha zimayenda kuchoka kochuluka kupita kochepa. Kuti zikwere mtunda pamafunika mphamvu. Crane ankayesa pa matumbo a hamster, kanyama kofanana ndi mbewa, ndipo ofufuza anali ataona kuti sodiamu akasowa, kukoka shuga kumaima.

Mu 1960, pa msonkhano ku Prague, Crane anafotokoza ganizo lake. Pakhoma la selo ya m'matumbo pali kakhomo komwe sodiamu salowa yekha. Pothamangira mkati, komwe ndi wochepa, amakokera glukosi limodzi. Taganizirani madzi a mtsinje wa Lichenya amene amatsika m'phiri la Mulanje n'kuzunguza makina opangira magetsi ku Bondo. Madziwo cholinga chake n'kutsika basi, koma potsikapo amagwira ntchito. Sodiamu nayenso chimodzimodzi. Pampu ya Skou imamukweza pamtunda, khomo la Crane limagwiritsa ntchito kutsika kwake. Kenaka ofufuza ena anadzapeza kuti pakhomopa pamalowa ma ion awiri a sodiamu pa glukosi m'modzi. Crane anadzatsogolera dipatimenti yophunzitsa mmene thupi limagwirira ntchito pa Rutgers Medical School kuyambira 1966 mpaka 1986, ndipo anamwalira mu 2010.

Nanga zikukhudza bwanji mwana wotsegula m'mimba? Poizoni wa kolera amachititsa matumbo kukhuthula mchere ndi madzi, koma khomo lija saliwononga. Mukam'patsa wodwala sodiamu pamodzi ndi glukosi, ziwirizi zimalowa, ndipo madzi amatsatira mwa osmosis ija ya mu bayoloje. Mu 1971, dokotala wa ku India, Dilip Mahalanabis, madiripi atamuthera pa msasa wa othawa nkhondo ku Bangaon, anayamba kumwetsa odwala madzi a mchere ndi shuga. Poyamba ankafa odwala pafupifupi 30 pa 100 alionse, koma chiwerengerocho chinatsika n'kufika pa anayi osakwana.

Apa ndiye mukuona chifukwa chake muyezo suyenera kuphonyedwa. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kolorini. Shuga akachulukitsa, monga mmene alili mu zakumwa zoziziritsa kukhosi, osmosis imatembenuka n'kukokera madzi m'matumbo, kutsegulako n'kumakulirakulira. Ndipo ORS sapha kachilombo ayi, amangobwezera madzi. Wodwala akamasanza kosalekeza, maso akalowa kapena akafooka, m'mwetseni muli pa ulendo wa kuchipatala.

Mtsikana uja anadzandiuza kuti mng'ono wakeyo anachira patatha masiku atatu. Sabata yotsatira tinatenga batire, kababu ndi mawaya, n'kuviika nsonga ziwiri m'madzi a shuga. Babu silinayake. Titaviika m'madzi a mchere wambiri, linayaka mwa apo ndi apo. Kayeseni kusukulu kwanu ndi mabatire a tochi, osati magetsi a pakhoma, kenaka mudzandiuze: n'chifukwa chiyani shuga sanayatse babu?