Mumlengalenga mwa Grand Canyon muli misewu ndi malire

Munthu amene akukonza zokaona chigwembe cha Grand Canyon pa ndege yaing'ono, kaya yake kaya yobwereka, ayenera kuyamba wapeza mapu apadera a deralo. Amawasindikiza ndi a Federal Aviation Administration, mwachidule FAA, bungwe la boma la America loyang'anira maulendo a ndege. Pepala lake lili ndi mbali ziwiri. Mbali ina ndi ya makampani onyamula alendo mochita kulipiritsa, inayo ndi ya woyendetsa ndege wamba amene watenga mkazi wake ndi anzake awiri kuti akaone malo. Malamulo a magulu awiriwa ndi osiyana, ndipo amene waŵerenga mbali yosakhala yake walakwitsa ulendo asanalize injini.

Chigwembechi chili m'chipululu cha kumpoto kwa Arizona. Chinakumbidwa ndi mtsinje wa Colorado, ndipo m'litali chimakwana makilomita 446, pomwe malo ena kuya kwake kumapitirira mamita 1,800. Chakhala paki ya boma kuyambira mu 1919. Pansi pamayang'aniridwa ndi bungwe la National Park Service, koma m'mwamba ndi mwa FAA. Mkangano wa zaka zambiri wa ndege za m'derali unachokera pomwepa, poti bungwe lina ntchito yake ndi kusunga malo, linalo ntchito yake ndi kuonetsetsa kuti ndege zikuyenda bwino.

Malamulowa anabwera maliro atachitika kaye. Pa 30 June 1956, ndege ziwiri zikuluzikulu, ina ya TWA ndi ina ya United Air Lines, zinanyamuka ku Los Angeles motsatizana, ina ikupita ku Kansas City, ina ku Chicago. Zinawombana pamwamba pa chigwembechi ndipo anthu onse 128 anafa. Masiku amenewo ndege ikachoka m'misewu yoikika, panalibe wina pansi woiyang'anira. Woyendetsa aliyense ankadalira maso ake. Ngoziyi inagwedeza dziko lonse la America, moti mu 1958 nyumba ya malamulo inakhazikitsa bungwe lomwe lero ndi FAA.

Zaka 30 zitadutsa, pa 18 June 1986, ndege yonyamula alendo ya mtundu wa Twin Otter inawombana ndi helikopita m'kati mwa chigwembe chomwechi, ndipo anthu 25 anatisiya. Nthawi imeneyo madandaulo a phokoso anali atachuluka kale. Anthu oyenda pansi ndi opalasa mabwato mu Colorado ankati akayenda masiku angapo kufuna bata, amangomva kulira kwa injini kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mu 1987 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo la National Parks Overflights Act, limene Senator John McCain wa ku Arizona anali mmodzi mwa olitsogolera. Lamuloli linaletsa kuuluka m'munsi mwa m'mphepete mwa chigwembe, linalamula kuti pakhale madera osaloledwa ndege, ndipo linati bata la chilengedwe libwezeretsedwe mokwanira. A paki anadzamasulira "mokwanira" ameneyu kuti theka la paki kapena kuposerapo lizikhala lopanda phokoso la ndege kwa magawo 75 mpaka 100 pa 100 alionse a tsiku. Ndi zachilendo kuona boma likuika chete m'gulu la chuma cha dziko, pamodzi ndi miyala, nyama ndi madzi, koma n'zimene zinachitika.

Lero dera lonse la malamulo apaderawa limayambira pansi mpaka kufika mapazi 18,000 kuchokera pa nyanja yaikulu. Oyendetsa ndege amayeza kutalika m'mapazi, choncho nafenso titero. M'kati mwake muli madera anayi oletsedwa: Desert View, Bright Angel, Toroweap/Shinumo ndi Sanup. Atatu oyambawo simungadutsemo pokhapokha mutakwera kufika mapazi 14,500, pomwe ku Sanup malire ndi 8,000. Ndege zing'onozing'ono zambiri zikasenza anthu anayi ndi mafuta zimavutika kufika 14,500, motero kwa ambiri maderawa ali ngati otsekeratu.

Pakati pa madera oletsedwawo anasiya makwalala anayi odutsa kuchokera kumpoto kupita kummwera: Zuni Point, Dragon, Fossil Canyon ndi Tuckup. Wopita kumpoto amauluka pa mapazi 11,500 kapena 13,500. Wopita kummwera amauluka pa 10,500 kapena 12,500. Kusiyana kwa mapazi 1,000 kumeneku n'kumene kumateteza ndege zoyenda moyang'anizana m'kanjira kamodzi. Kuti mumve bwino, nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi mamita 3,002, omwe sakwana mapazi 10,000. Ndiye kuti malo otsikitsitsa amene mumaloledwa m'makwalalawa ali pamwamba kuposa Sapitwa.

Kunja kwa makwalala ndi madera oletsedwa, deralo analidula m'zigawo, chilichonse ndi malire ake a pansi. Ku Marble Canyon ndi ku Pearce Ferry woyendetsa wamba satsika kupitirira mapazi 8,000, ku Diamond Creek 9,000, ku Supai 10,000. Makampani onyamula alendo amaloledwa kutsika kuposa pamenepa, ndipo ambiri oyendetsa ndege zawozawo amaona ngati ndi tsankho. Ine ndimaona kuti n'zomveka. Woyendetsa wa kampani amadutsa njira yomweyo tsiku ndi tsiku, anaphunzitsidwa za njirayo, ndipo kampani yake ili ndi chilolezo chimene boma lingalande. Mlendo wochokera ku Ohio kapena ku Johannesburg akufika koyamba, maso ali pa zokongola za pansi. Ameneyu kumuika pamwamba pa enawo n'kumuthandiza. Komanso makampaniwo ali ndi goli lawo: kuyambira mu 2000 boma linaika malire a maulendo amene angauluke pa chaka, ndipo ku Dragon ndi Zuni Point saloledwa kuuluka pakati pa 6 koloko madzulo ndi 8 koloko m'mawa kuyambira May mpaka September, kapena pakati pa 5 koloko madzulo ndi 9 koloko m'mawa m'miyezi inayo.

M'makwalalamo mulibe nsanja yokuuzani zochita. Gawo lililonse lili ndi nambala yake ya wailesi yolembedwa pa mapu, ndipo oyendetsa amalengeza okha: ndege yakutiyakuti, ndikulowa Dragon chakummwera, ndikupita kumpoto, mapazi 11,500. Lamulo limafuna kuti muzimvetsera wailesiyo nthawi zonse muli m'deralo.

Kukwera chotere kumakugwetsani m'lamulo lina, la mpweya wa okosijeni. Woyendetsa akakhala pamwamba pa mapazi 12,500 kupitirira mphindi 30 ayenera kupuma okosijeni wa m'botolo, ndipo akapitirira 14,000 ayenera kutero nthawi yonse. Amene wasankha 13,500 aŵerengeretu mphindi zake.

Chimene mapu sangakuchitireni ndi kuŵerengera mphamvu ya ndege yanu. Bwalo la Grand Canyon National Park Airport ku Tusayan, lomwe mwini wake ndi boma la Arizona, lili pa mapazi 6,609. Masana a mu July kukatentha, mpweya umapepuka kwambiri moti injini ndi mapiko zimagwira ntchito ngati bwalolo lili pa mapazi 9,000 kapena kuposa. Ndege imathamanga mtunda wautali isanadzuke, ndipo ikadzuka imakwera mwaulesi. Apa m'pofunika kukhala pansi ndi buku la ndegeyo, kulemba kulemera kwa munthu aliyense, zikwama ndi mafuta, osangoyerekeza ndi maso. Mwina mupeza kuti mmodzi atsale, kapena kuti zikwama zikhale kuhotela. Nthawi yabwino yonyamuka ndi m'mamawa. Dzuwa likakwera, mpweya wotentha wotuluka m'chigwembe umagwedeza ndege mpaka okwera kusanza, ndipo kuyambira July mpaka September mvula ya mabingu imakonda kuunjikana masana. Lamulo limati mutsale ndi mafuta a mphindi 30 pouluka masana. M'chipululu momwe mabwalo ali patalipatali, ndipo ena sagulitsa n'komwe mafuta, amenewo ndi ochepa. Madzi akumwa nawo atengeni ambiri, poti injini ikazima mukatera kutali ndi anthu.

Musanapite kubwalo, ŵerenganinso zidziwitso za tsikulo. Kukabuka moto wa m'nkhalango, FAA imatseka dera kwa kanthawi kuti ndege zozimitsa moto zigwire ntchito, ndipo kulowamo kungachititse kuti akulandeni laisensi.

Nkhani ya ndalama ili ndi lamulo lakenso, ndipo imakhudza wokwera aliyense. Munthu wa laisensi ya woyendetsa wamba saloledwa kunyamula anthu mochita kulipiritsa. Chololedwa n'kugawana mtengo wa mafuta, oyilo, zolipira pabwalo ndi wobwerekera ndege, iye mwini n'kulipira gawo lake losachepera la aliyense. Wina akakuuzani kuti mumupatse ndalama zakuti akuonetseni chigwembe koma alibe chilolezo cha kampani, akuphwanya lamulo. Kwa amene ali ndi laisensi ya dziko lina, monga Malawi, Zambia kapena South Africa, FAA imapereka chiphaso chake potengera laisensiyo, koma imayamba yafunsa kaye bungwe la kwanu ngati ili yeniyeni. Zimenezi zimatenga nthawi, choncho ziyambeni miyezi ingapo ulendo usanafike.

Pansi pa makwalalawa pali eni nthaka. Kum'mawa kuli Anavajo, kumadzulo Ahualapai, ndipo m'kachigwembe kena muli mudzi wa Supai wa Ahavasupai, kumene makalata amafika pa nyulu. Malo awo ali ndi maulamuliro awoawo, ndipo kutera pa bwalo la mtundu wina kapena la munthu kumafuna kudziwiratu ngati eni ake amalola.

Chotsiriza musananyamuke n'kulembetsa ndondomeko ya ulendo kwa a Flight Service, ofesi yothandiza oyendetsa ndege: njira yanu, anthu amene mwanyamula, mafuta amene muli nawo ndi nthawi yofika. Kwa wouluka modalira maso lamulo silikakamiza, koma m'dera lotereli n'kupusa kusatero. Mukatera, aimbireni kuti mwafika. Pakadutsa mphindi 30 kuchokera pa nthawi imene munanena musanaimbe, amayamba kukufunafunani.